Ulendo wa ku Kitwe: kutsata nyimbo za WITCH m'misewu ya Zambia

Lolemba, Lilongwe mpaka Chipata

Ulendo uno ndi wotsata nyimbo za WITCH, gulu loyimba rock la ku Zambia. Minibasi za ku Mchinji zimanyamuka pokhapokha zitadzaza, choncho fikani pa depoti m'mamawa anthu akadali ambiri. Msewu ndi wa makilomita opitirira pang'ono 100, kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo. Minibasi zambiri zimathera pa boma, ndiye pamenepo mumakwera takisi yogawana yokafika pa boda. Kuyambira Disembala 2022 boda ya Mchinji ndi Mwami inakhala ya malo amodzi: chidindo chotulukira ndi cholowera zonse mumazipezera m'nyumba imodzi. Mmalawi safunika viza, pasipoti yakwana. Chimene chimachedwetsa ndi kufika nthawi imodzi ndi basi yaikulu, chifukwa anthu onsewo amaima pa mzere umodzi ndi inu.

Osintha ndalama amakuzungulirani musanatsike n'komwe. Ndalama za mayiko awiriwa zonse ndi kwacha, ndiye pokambirana nenani momveka kuti mukunena kwacha iti. Werengani nokha ndalama za Zambia zili m'manja mwanu, kenako ndiye mupereke zanu. Sinthani zongokwanira takisi ndi chakudya, zotsalazo mukasinthire m'tauni ku Chipata. Layini ya foni, kaya ya Airtel, MTN kapena Zamtel, amalembetsa ndi pasipoti. Nthawi ndi yofanana ndi kwathu, mapulagi a magetsi ndi omwewo a mano atatu, koma magetsi amazima nthawi zina kwa maola ambiri, choncho pawabanki ikhale yodzaza.

Ulendo wonsewu ndi wa gulu limodzi, WITCH, dzina limene ndi chidule cha We Intend To Cause Havoc. Linayambira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo woyimba wake wamkulu anali Emmanuel Chanda, amene aliyense amamudziwa kuti Jagari. Gitala yotsogolera anali Chris Mbewe, gitala yachiwiri John Muma, ng'oma Boidi Sinkala, ogani Paul Mumba. Pa magulu onse a Zamrock, rock ya ku Zambia ya m'ma 1970, awa ndiwo anasiya zimbale zambiri zotsatizana bwino, moti munthu ukhoza kumva m'mene ankakulira chaka ndi chaka. Ndiye ndaganiza zozimvera motsatira zaka zake, msewu ukupita.

Koperani nyimbo zonse mu foni muli pa intaneti yabwino, chifukwa m'mapiri a kutsogoloku netiweki imatayika. MP3 ya 320 kbps imadya pafupifupi 2.4 MB pa mphindi, kutanthauza kuti chimbale cha mphindi 40 ndi pafupifupi 100 MB, ndipo zimbale zisanu za rock za gululi zimakwana mu theka la gigabaiti. Musamvere pa sipika ya foni. Besi simveka m'menemo, pamene m'nyimbo za gululi besi ndiyo imagwira zonse.

Usiku uno ndi wa Introduction, chimbale choyamba. Nyimbo yotsegulira, ya dzina lomwelo, Jagari amangotchula anzake mmodzimmodzi, aliyense n'kuonetsa chida chake. N'zimene magulu ankachita m'maholo, ndipo anaziika pa chimbale momwemo osasintha. "Like a Chicken" ndiyo yabwino kwambiri pano: makodi (manoti olizidwa pamodzi) ochepa, ogani yopyapyala, liwu la mnyamata amene sakuopa munthu. "Home Town" ndi yodekha, gitala ndi ogani ndizo zimatsogolera. Kujambula kwake n'kosauka, ng'oma zikumvekera patali, ndipo zikuonekeratu kuti anyamatawa ankamvera kwambiri The Rolling Stones. Chimbalechi ndimachikonda, koma sipamene pali nyimbo zawo zapamwamba.

Lachiwiri, Great East Road

Mabasi a ku Lusaka amanyamuka ku Chipata kusanache. Tikiti gulani dzulo lake madzulo, muone nambala ya mpando ndi dzina la basi, chifukwa m'mamawa muli mdima anyamata oitanira amalanda chikwama n'kukachiika m'basi ina. Ulendo ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo umadya maola asanu ndi atatu kapena kupitirira, malinga ndi maimidwe. Khalani kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Kumbuyo kwenikweni injini imalira kwambiri ndipo imakwirira besi ngakhale mutavala mahedifoni.

Kuchokera ku Chipata kudutsa Katete, Sinda, Petauke mpaka Nyimba, chilankhulo ndi chathu chomwe kapena Chinsenga, ndipo pawindo amagulitsa zomwe tinazolowera: nthochi, mtedza wokazinga, chimanga chootcha, zitumbuwa. Ku Nyimba nthochi n'zambiri ndiponso zotchipa. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono, chifukwa basi ikanyamuka chenji yanu yapita. Mayi amene anakhala pambali panga anandigawira mbatata yophika ali chete, nditathokoza anangoti, "Idyani bambo, njira ikadalipo." Ankanena zoona.

Chigawo choyambachi ndi cha In the Past, chimbale cha 1974. "Living in the Past" ndiyo nyimbo yoyamba ya WITCH imene ndingaiike pa mndandanda wa zabwino koposa popanda kukayika. Ndi yapang'onopang'ono, yachisoni, ndipo gitala ya Chris Mbewe sithamanga: imagwira noti imodzi n'kuikoka mpaka ithe yokha. Dziwani kuti zimbale ziwiri zoyambazi zili m'mitundu iwiri, umene gululo linadzitulutsira lokha ndi umene unatuluka pambuyo pake. Ngati mnzanu akuumirira kuti nyimbo imamveka mosiyana ndi m'mene mukuidziwira, mwina nonse mukulondola.

Pa mlatho wa Luangwa basi imaima pa msika wa nsomba zouma ndi madengu. Kumatentha kwambiri kuno kuposa ku Chipata chifukwa ndi m'chigwa. Nsomba yowamba bwino imakhala youma mpaka m'mutu. Ipindeni pang'ono: ikafewa pakati kapena ikanunkha chinyezi m'makha, isiyeni, ifika ku Lusaka itayamba mphutsi. Apolisi amaima pa mlathopo, pasipoti ikhale pafupi, ndipo musajambule mlatho.

Kuchokera pamenepo msewu umakwera mapiri a Manenekela, makhotakhota okhaokha, malole akukwawa kutsogolo, phompho kumbali. Ndinachita mantha, sindibisa, makamaka dalaivala akafuna kupitirira lole pokhota. M'mapiri amenewa ndimo ndinatsegula Lazy Bones!!, chimbale cha 1975, chimene anajambulira ku DB Studios ku Lusaka. Kusiyana kwake ndi ziwiri zoyamba kumamveka m'masekondi oyamba: ng'oma zabwera pafupi, besi yanenepa, chida chilichonse chili ndi malo ake.

"Black Tears" imayamba mofatsa, kenako pakati imasintha liwiro n'kulusa. Anthu ambiri amakonda chigawo cholusacho, koma luso lili pa kusinthako, pamene ng'oma ndi besi zimatembenukira limodzi popanda wotsalira. Pa "Motherless Child" mverani m'mene ng'oma za Boidi Sinkala zikudzazira mipata pakati pa mizere ya woyimba. "Strange Dream" ndiyo yokongola kuposa zonse pa chimbalechi: gitala yowuma ikukwapula pansi, gitala ya wah (chopondera chosintha kaliridwe ka gitala) ikulira pamwamba, woyimba akuyimba motsitsa mawu. "October Night" amaisiya itambasuke, oyimba zida aseweremo. Nyimbo ya mutu, "Lazy Bones", ndiyo imakanirira m'mutu, ndipo munthu amene sanamvepo Zamrock muyambitseni pamenepo. Titadutsa Rufunsa ndi Chongwe ndinali nditachibwereza chonse, msana ukuwawa.

Lachitatu, Lusaka

Basi imathera pa Intercity, mu msewu wa Dedan Kimathi. Pamalopa pali phokoso ndi anyamata oitanira ochuluka, kuno amawatcha ang'wang'wazi. Yankhani mwaulemu kuti "zikomo, nafika" n'kumayenda, musaime pakhomo n'kumayang'ana foni. Takisi za m'kati mwa siteshoni zimadula kuposa za panja pa geti. Nsima ya masana idyani ku malo odyera a m'misika, kumene mbale imabwera ndi ndiwo zamasamba ziwiri kapena zitatu. Ifisashi ndi masamba otendera amene tikuwadziwa. Chikanda, chimene amachipanga ndi timizu tonga mbatata ta maluwa a m'madambo, nsinjiro ndi soda, amachigulitsa chodula tizidutswa, ndipo chimakoma ndi tsabola.

Mtunda woyenda pansi kuchokera pa Intercity pali Evelyn Hone College, pa Church Road, kumene Jagari anakaphunzira za nyimbo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 asanakhale mphunzitsi. Kuchoka kwake ndiko kunatseka nyengo ya rock ya gululi. Kum'mawa kwa mzinda kuli Alick Nkhata Road, kumene kuli nyumba ya wailesi ya ZNBC. Nkhata anali woyimba ndiponso mkulu wa wailesi, ndipo anaphedwa mu 1978 asilikali a Rhodesia (Zimbabwe ya lero) ataukira msasa wa omenyera ufulu pafupi ndi munda wake ku Mkushi. Wailesiyi ndi yofunika pa nkhani yathu: pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa zikhale za m'dzikolo. Mwadzidzidzi wailesi inafuna zimbale zambiri za Zambia, makampani anayamba kusaka magulu, ndipo magulu anapeza chifukwa chopekera nyimbo zawozawo m'malo mobwereza za ku Britain.

Tsiku lopanda basi ndi labwino kufotokoza phokoso limene aliyense amalizindikira mu Zamrock, la fuzz. Ndi kabokosi kachitsulo kopondedwa ndi phazi, kokhala pakati pa gitala ndi ampu. M'kati mwa mtundu wotchuka wa nthawi imeneyo muli matransisita awiri okha, maresisita ochepa, makapasita atatu ndi batire ya 9V. Matransisitawo amakweza mphamvu ya gitala mopyola malire mpaka nsonga za funde la mawu zidulidwe, ndiye gitala imalira ngati chitenje chatsopano chikung'ambidwa, noti n'kumakhalitsa osazima msanga. Wah ndi chopondera china chimene chimasuntha malo amene mawu akutsindika, kuchokera ku mabesi kupita ku mawu oonda, phazi likamapita kutsogolo.

Oyimba gitala amene akufuna kutengera kalizidwe ka Chris Mbewe amalakwitsa zinthu zitatu zomwezomwezo. Choyamba, amaliza zingwe zonse zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi fuzz ili yoyaka, zonse n'kusanduka phala, chifukwa fuzz imasakaniza manoti n'kubala ena osagwirizana. Lizani chingwe chimodzi kapena ziwiri basi, makodi athunthu asiyireni gitala yachiwiri yopanda fuzz, monga ankachitira John Muma. Chachiwiri, amaika tizipangizo tina pakati pa gitala ndi fuzz, pamene fuzz ya mtundu wakalewu imafuna kulumikizidwa ku gitala mwachindunji. Ikatero, mukatsitsa voliyumu ya pa gitala kuchoka pa 10 kufika pa 7 mawu amayera, mukakweza amalusanso, ndipo kusintha kumeneko mumakuchita ndi kachala osaponda kanthu. Chachitatu ndi batire: ikayamba kutha, noti imaduka msanga n'kumatsokomola. Ena amakonda zimenezo, koma pa nyimbo ngati "Living in the Past" mukufuna batire yatsopano. Zulani chingwe cha gitala mukamaliza, chifukwa chikakhala chobayidwa batire imapitirira kudyeka.

Muli ku Lusaka simungalephere kutchula Paul Ngozi, woyimba wina wa Zamrock, amene dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo, ndipo anamwalira mu 1989. Ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake. Gulu lake, Ngozi Family, linali lolusa kuposa WITCH ndipo linkayimba kwambiri m'Chinyanja cha m'tauni. Mu 2024 woyimba rap wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi" n'kuchiika m'nyimbo yake "Noid", achinyamata ambiri n'kumva Zamrock koyamba kudzera pamenepo. Ngozi anali ndi ukali, koma WITCH inkadziwa kumanga nyimbo yokhala ndi poyambira, pokwera ndi potsikira, ndipo n'chifukwa chake ndimaiika patsogolo.

Lachinayi, Lusaka mpaka Ndola

Makilomita pafupifupi 320, kudutsa Kabwe ndi Kapiri Mposhi. Pa mapu ndi ulendo waufupi kuposa wa Lachiwiri, koma msewu uwu ndi wa malole opita ku migodi ndi ku boda ya Congo ya Kasumbalesa, ndipo pamene ndinkadutsa ankaukuza kuti ukhale wa mbali ziwiri, ndiye m'malo ena tinkapatukira m'fumbi. Onjezerani ola limodzi kapena awiri pa nthawi imene akuuzani pogula tikiti. Basi ya m'mawa kwambiri ndiyo yabwino, kutuluka mu Lusaka masana kumadya nthawi yambiri. Pa mageti olipirira msewu basi imachedwa pang'ono, koma wokwera salipira kanthu. Ku Kapiri Mposhi, kumene njanji ya TAZARA imathera, msewu umagawikana: wakumanja ukupita ku Mpika ndi Nakonde, wathu ukupitirira kumpoto. Kuyambira pamenepo Chibemba chimachuluka. "Mwashibukeni" m'mawa, "natotela" pothokoza, ndipo munthu wamkulu mumuyambe ndi "ba": ba tata, ba mayo.

Lero ndi tsiku la Lukombo Vibes, cha 1976, ndipo apa ndi pamene maganizo anga amasiyana ndi a anthu ambiri. Lazy Bones!! ndi chimbale chomangidwa bwino kuposa zonse, palibe nyimbo yotaya. Koma nyimbo zapamwamba kwambiri za WITCH zili pa zimbale ziwiri zotsatira, pamene anasiya kuyesa kumveka ngati gulu la ku London n'kulola ng'oma za kwawo zilowe pansi pa gitala. Pa zimbale zoyamba kugunda n'kwa rock yowongoka, kuwerenga kanayi, ng'oma yaing'ono ikumenya pa chiwiri ndi chinayi. Apa mumayamba kumva kugunda kogawika patatu kukuyenda pamwamba pa kanayi kaja, kumene aliyense wokulira kumene kumavinidwa magule amakudziwa m'thupi. Fuzz ikakwera pa kugunda kotere, chotuluka sichipezeka kwina kulikonse.

Yambani ndi "Chifundo", imene imapezeka limodzi ndi Lukombo Vibes pa zimbale zotulutsidwanso. Kwa ine ndiyo nambala wani ya gululi. Liwu limakhala momasuka m'chilankhulo chake kuposa m'Chingerezi, mzere uliwonse umagwera pamene ng'oma ikugwera, ndipo gitala imayankha woyimba m'malo molimbirana naye malo. "Nasauka" ndi "Kangalaitoito" zili m'njira yomweyo. "Thou Shalt Not Cry" ndi "Bleeding Thunder" zikadali rock ya Chingerezi, koma yokhwima, yosathamangira kuonetsa luso. Pa chimbale cha 1977, chimene anthu amachitchula ndi nyimbo ya "Janet" chifukwa inatchuka, "Nazingwa" ndiyo yofunika kuimva kawiri: koyamba tsatirani woyimba, kachiwiri tsatirani besi yokha.

Ndola ndiyo inali likulu la malonda a nyimbo zimenezi. Kuno kunali Teal Record Company, imene inali ndi fakitale yodindira zimbale, ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, amene anatulutsa zimbale za magulu ambiri a Zamrock. Magulu oyambirira ankatenga matepi awo kupita nawo ku Nairobi kukadinditsa. Lero makampani amenewo kulibe, ndipo matepi ambiri oyambirira anatayika, moti zina mwa zimbale zimene tikumvera pano anazikopera kuchokera ku zimbale zakale zimene zinapulumuka. Mukamva kuthetheka pang'ono pa nyimbo ina, vuto si foni yanu.

Ndafika nditatopa, fumbi m'tsitsi. Malo ogona otsika mtengo alipo ambiri pafupi ndi tauni. Funsani za madzi ndi jenereta musanalipire.

Lachisanu, Kitwe

Kuchokera ku Ndola ndi makilomita pafupifupi 60 pa msewu wa mbali ziwiri, ola limodzi pa minibasi. Kitwe ndi mzinda wa mgodi wa Nkana, ndipo chimulu chakuda cha zotsalira za mkuwa chimene amachitcha Black Mountain chimaonekera pafupi ndi Wusakile. Makomboni a migodi monga Wusakile, Chamboli ndi Mindolo ndiwo anabala nyimbozi. Makampani a migodi ankamanga maholo ndi makalabu a antchito, antchitowo ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo m'masitolo munkapezeka zimbale za Jimi Hendrix, Deep Purple ndi James Brown. Gulu la rock limafuna magetsi, holo, zida zodula ndi anthu okhoza kulipira pakhomo. Copperbelt, chigawo cha migodi chino, mu 1972 inali nazo zonse zinayi.

Zinatha motsatizananso. Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa, zingwe za gitala ndi zopangira zimbale zinavuta kupeza. Nkhondo ya Rhodesia itafika m'dzikolo boma linaletsa kuyenda usiku, magulu n'kumayimba masana, pamene anthu ali ku ntchito kapena alibe chilakolako chovina. Disco inabwera, ndipo mwini bala anaona kuti munthu mmodzi woika zimbale ndi wotchipa kuposa anthu asanu ndi zida zawo. Makaseti okopera anapha malonda. Kenako Edzi inatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Pa anthu amene anajambula Lazy Bones!!, Jagari yekha ndiye ali moyo. WITCH yeniyeniyo inasintha n'kuyamba disco, ndi Patrick Mwondela pa makiyibodi, n'kutulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. N'zimbale zabwino pa mtundu wake, koma si rock, ndipo sindiziwerengera pano.

Ku msika wa Chisokone ndinafunsa za zimbale zakale. Bambo wina wokonza mawailesi anasiya ntchito yake n'kundiperekeza mizere itatu kukandionetsa munthu wogulitsa katundu wakale, osafuna kanthu. Zimbale zinalipo za kwaya, za rhumba, za Jim Reeves, koma za Zamrock ayi. Osonkhanitsa a kunja anadutsa kale, ndipo chimbale choyambirira cha WITCH chimagulidwa ndalama zambiri ku Ulaya ndi ku America. Zikapezeka, zimapezeka m'nyumba za anthu, osati pa msika.

Mukachipeza, chiyeseni chonchi. Chitulutseni m'chikuto, muchipendeke pa dzuwa. Mikwingwirima yoonekera koma yosamveka mukapititsa chikhadabo mopepuka imangothetheka, pamene imene chikhadabo chikukodwamo idzadumphitsa singano. Chiikeni pa galasi kapena tebulo losalala muone ngati chapindika, chifukwa chimbale chimene chinakhala padzuwa kapena pansi pa katundu sichiwongoka. Onani ngati dzina la pa chimbale likugwirizana ndi la pa chikuto, popeza m'nyumba zambiri zinasokonezeka kalekale. Chikuto chokhala ndi barcode ndi chotulutsidwanso posachedwa, si cha m'ma 1970, ndiye musalipire mtengo wa chakale. Potsuka, sakanizani magawo atatu a madzi a batire osathira asidi ndi gawo limodzi la spiriti ya isopropyl, kuwonjezera dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale. Pukutani ndi kansalu kofewa motsatira mizere, mozungulira, osanyowetsa pepala la pakati, kenako tsukuluzani ndi madzi omwewo n'kuchiimika chiume pamthunzi. Madzi a pampopi amasiya mchere m'mizere. Chimbale chachikulu (LP) chimazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi, kachimbale kakang'ono maulendo 45. Singano zambiri zimafuna kulemera kwa magalamu pakati pa 1.5 ndi 2.5. Chizolowezi chomata ndalama yachitsulo pamutu pa singano kuti isadumphe chimakumba mizere, ndipo ndicho chinawononga zimbale zambiri za m'dera lino.

Amene safuna zonsezi, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo za rock za gululi n'kuzitulutsanso mu 2012, ndipo ndi zimene zili pa intaneti.

Loweruka, Chingola

Makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Kitwe, kudutsa Chambishi. Minibasi zilipo tsiku lonse, koma bwererani kusanade chifukwa malole ndi ambiri pa msewuwu usiku. Chingola ndi tauni ya mgodi wa Nchanga, ndipo kuno kunali Malachite, situdiyo ya mafilimu imene magulu ankabwereka kujambuliramo nyimbo. Amanaz, gulu linanso la ku Kitwe, linajambulira kumeneko chimbale chake chimodzi chokha, Africa, cha 1975, chimene chili ndi "Khala My Friend". Situdiyo yopangidwira mawu a filimu sikhala ndi zipinda zolekanitsa ng'oma ndi magitala, ndiye gulu lonse limayimba nthawi imodzi, phokoso la chida china n'kulowa mu maikolofoni ya chinzake. Wina akalakwitsa, mumayambiranso nonse kapena mumazisiya momwemo. Zimenezi zikufotokoza chifukwa chake zimbale zoyambirira za Zamrock zimamveka zothinana koma zamoyo.

Pobwerera ndamvera Zango, chimbale cha 2023, choyamba cha WITCH patapita zaka 39. Jagari, amene anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pa siteji pambuyo pa zimbale zotulutsidwanso zija ndi filimu ya Gio Arlotta ya 2019 yonena za gululi. Pano amayimba ndi Patrick Mwondela ndi oyimba achinyamata, ena a ku Ulaya monga Jacco Gardner pa besi. Anabwerera ku DB Studios komwe kuja kukajambula. Magulu akale akabwerera, kawirikawiri amangotsanzira unyamata wawo, koma "Waile", nyimbo imene inapekedwa kale m'ma 1970 osajambulidwa, ikupitiriza pamene "Chifundo" ndi "Nazingwa" zinalekezera: ng'oma zogawika patatu, mawu oyankhizana, fuzz pamwamba. "Avalanche of Love", imene muli woyimba rap Sampa the Great, ndi yosangalatsa koma siifika pamenepo. Mu 2025 anatulutsanso china, Sogolo.

Mukandifunsa zoika mu foni ya munthu amene ali ndi theka la ola lokha, ndimuikira "Chifundo", "Strange Dream", "Nazingwa", "Black Tears", "Living in the Past", "Waile" ndi "Lazy Bones", motsatana chonchi. "Like a Chicken" ilowe ngati malo atsala. Mabasi ochokera ku Kitwe kupita ku Lusaka amayamba kunyamuka m'bandakucha, koma kuti mupeze ya ku Chipata tsiku lomwelo n'kovuta, chifukwa zambiri zimachoka pa Intercity m'mawa. Konzekerani kugona ku Lusaka usiku umodzi, ndipo tikiti ya ku Chipata muigule mukangotsika.